Tsiku limene ndinakhala pabango

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi ku Chinsapo, mtsinje wakumunsi kwathu utasanduka chigwembe. Okumba mchenga anali atadya magombe onse, madzi ali bii, ndipo matemba tinkangowaona ouma pamsika.

Che Yusufu, mnansi wathu wokhoma zidebe, anali ochokera ku Mangochi, ndipo mtsinje wopanda nsomba unkawanyansa. Anayamba kudzala bango pagombe limodzi, n'kumagubuduzira miyala ndi zitsa m'madzi. Anthu ankati mutu wawo sukuyenda bwino. Ine ndinkadzala nawo, matope mpaka m'mawondo, pofuna kuona pothera misalayo.

Mvula itatha anandiitana. "Gwada apa, Tadala, usachite phokoso." Pakati pa mizu ya bango panali tinsomba tating'ono ngati mpunga, tikuphethira m'madzi oyera. Mtima wanga unadumpha.

"Kansomba kotere sikafa ndi njala," anatero. "Kamafa ndi kusowa pobisala."

Lachisanu lina, iwo ali kumzikiti, kunabwera lole ya mchenga n'kuima pagombe lathu lomwelo. Anyamata anatsika ndi mafosholo. Ndinapsa mtima. Ndinalowa m'madzi ndi yunifolomu yanga ya sukulu, n'kukhala pansi pakati pa bangolo.

"Iwe mwana, choka apo!" anakalipa dalaivala.

"Sindichoka, bambo. Kumbani ndi ine ndemwe."

Sindinasunthe. Azimayi amene ankachapa chapafupi anasiya zochapa zawo n'kudzaima kumbuyo kwanga, manja m'chiuno. Dalaivala anatukwana mpaka malovu kuuma, kenako lole inabwerera yopanda kanthu.

Kunyumba mayi anga anandikwapula ndi kamtengo ka pichesi, chifukwa cha yunifolomu komanso kuyankha akuluakulu. "Nena pepani!" Ndinalira kwambiri, koma pakamwa ndinatseka.

Che Yusufu anatisiya kalekale, koma bango lawo linafalikira, ndipo tinsomba tija tinakula n'kuswana. Ana a masiku ano amawedza pamenepo ndi mbedza. Mayi anga mpaka lero amati ndinali mwana wamwano, ndipo amanena zimenezi akutafuna matemba a mumtsinje womwewo.

Ana anga ndimawaphunzitsa ulemu, inde. Koma ndinazindikira kuti kanthu kakang'ono sikakula popanda wina wokakamira pamalo pake. Pepani uja sindinanene, ndipo sindidzanena.