Makumba a Masaya Otupa

Linali Loweruka, cha m'ma 8 koloko m'mawa, pamene alamu anga, mng'ono wawo wa malemu amuna anga, anatsetserekera kudimba ndi ukonde paphewa, ine ndikuwatsatira. Mawa lake linali tsiku lometa maliro, ndipo abale ochokera ku Mitundu ndi ku Nathenje ankafunika ndiwo. Chinali chaka chimene tinavotera zipani zambiri koyamba. Alamuwo anavala malaya a chipani china ndi chipewa cha chipani chinanso, poti zonse analandira ulere.

Amene anakumba damu la nsomba ndi malemuwo, m'dambo kumunsi kwa nthochi. Silinali lalikulu, ndipo makumba ake anali ang'onoang'ono, osadzaza n'chikhatho chomwe. Ine sindinkalilabadira. Ndinkangoona kuti amuna anga akamavuula, nsomba zina ankazibwezera m'madzi, ndiye ndinkawaseka kuti ali ndi zibwenzi m'menemo. Iwo ankangoti, "Izi zili pantchito, mayi."

Titafika, alamu anati, "Mlamu, lero tikokolola zonse. Damu si ntchito ya munthu wamayi. Likauma mudzalemo mpiru."

Mtima unandiwawa. Iwo analowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kuyamba kukoka, ine ndili pamtunda ndi beseni la madzi. Pa nsomba zoyamba panali imodzi ya masaya otupa, ngati mwana amene wabisa mtedza m'kamwa. Nditaigwira, inalavula m'besenimo. Ndinkayesa matope, koma matopewo anayamba kusambira. Tinali tiana, maso okhaokha ndi kamchira. Ndinaisiya momwemo mayi wakeyo mpaka inakhazikika. Alamu atawerama kuti aone, chithunzithunzi chawo chinaphimba madzi, ndipo tiana tija tinathamangira kukamwa kwa mayi wake, n'kulowa.

"Mwaiona mfitiyi?" anatero alamu. "Ikudya ana ake. Iyambe ndi iyoyi kulowa mumphika."

Ndinawaonetsa mimba yake. Inali yophwa, yopanda kanthu.

"Alamu, ikanakhala yodya ana, bwenzi ili ndi mimba ngati yanuyo."

"Yangayi ndi ya ndalama za fodya wa chaka chatha, isiyeni."

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira zimene amuna anga ankandiuza ine ndikupalira tomato. M'mphepete mwa damu, pamene madzi ndi osaya ndiponso ofunda, yamphongo imakumba kadzenje kozungulira ngati mbale, iyo n'kuda bii pofuna kukopa yaikazi. Yaikazi ikaikira mazira m'kadzenjemo, imawatola ndi pakamwa. Kuyambira pamenepo sidya. Imabisala m'udzu, kamwa lili tseke, mpaka mazira ataswa, ana n'kudziwa kusambira. Ngakhale atatuluka, mbalame ikadutsa pamwamba amathawira momwemo. Timaenje tija ndinatiyang'ana tsikulo, tinalipodi, ndondondo m'matope.

Ndinakhala pansi, ukonde ndinaukokera pamiyendo panga, n'kuyamba kusankha. Ya masaya otupa, m'madzi. Yowonda mimba, m'madzi. Yaing'ono kwambiri, m'madzinso.

"Nanga alendo adya chiyani, mlamu?"

"Zakudazi. Zamphongo. Tisiyeko zochepa, zinazo ntchito yake zatha."

"Basi, ofa ndife amuna nthawi zonse."

Atangotero anagwira pakamwa, chifukwa anakumbukira chimene tinkakonzera ndiwozo. Kenako ine ndinayamba kuseka, misozi ili m'maso, iwonso anaseka. Atabwereranso m'madzi, ankaitola nsomba, kuiyang'ana kumasaya, n'kundifunsa, "Iyi bwanji, abwana?"

Mawa lake ndiwo zinaperewera. Tinaonjezera nyemba ndi nkhwani. Azakhali awo a malemu anadandaula kuti kansomba kamene anapatsidwa kanali kofunika magalasi kuti akaone, koma anakadya mpaka mutu. Za mpiru alamu sanazitchulenso.

Damulo lilipo mpaka lero. M'mawa uliwonse ndimapita ndi madeya m'chitini kukawaza pamadzi, ndipo ndikamavuula, ndimayamba ndayang'ana kaye masaya.