Mowa wowawa wa akamwini

Loweruka lapitali ndinali ku Nsadzo kwa amalume anga, a Bonifasiyo. Mlamu wanga Zakariya, mwamuna wa mlongo wanga Rozita, anabwera kudzapempha chitengwa. Akufuna kutenga mkazi wake azikakhala naye ku Tete, kumene amafulula mowa wa m'mabotolo ndi anzake awiri.

Mowawo anabwera nawo panjinga yamoto, mabotolo awiri. Anatsegula botolo limodzi, n'kuthirira amalume m'kapu, n'kukakhala pansi mwaulemu. Fungo lake, abale inu, ngati mandimu ndi magwafa! Amalume anangomwa kamodzi, nkhope yonse n'kukwinyika. Kapu ija anaiika pansi.

"Akamwini, kwanuko mowa amapereka osalawa?"

Inu mukudziwa kuti kwathu kuno mwini mowa ndiye amayamba kumwa, kuchotsa ufiti. Ndiye munthu sunalawe, mowa wako n'kukhalanso wowawa ngati ndulu! Rozita anagwira pakamwa. Ine ndinati chitengwa chathera pompa.

Zakariya anagwada, n'kutenga kapu yomweyo, n'kugugudiza wonse. Kenako anatulutsa m'thumba timaluwa touma tobiriwira.

"Pepani amalume, ndinaiwala. Chowawacho ndi ichi, amati lupulo. Timathira dala kuti mowa ununkhire, usasasenso msanga."

Dala! Mpaka lero mutu wanga sukugwira. Munthu n'kugula maluwa akutali kuti chakumwa chiwawe? Komatu ife omwe timadya luni ndi impwa, n'kumanyambita zala. Anatiphunzitsa ndani kuti chowawa cha m'mbale ndi ndiwo, koma cha m'kapu ndi imfa?

Chinanso: m'mabaraka, malo omwera mowa a pa Cassacatiza, timamwa za m'mabotolo tsiku ndi tsiku, wotilawira palibe. Chitsekerero chikangoti tsiii, mtima m'malo. Wofululayo sitimudziwa n'komwe. Koma uyu wabwera yekha, wagwada pamaso pathu, ndiye tikumukayikira.

Amalume anatikita kaduwa kamodzi m'manja, ananunkhiza, anatafuna, n'kulavula. Anati awathirirenso. Ulendo uno Zakariya anayamba walawa. Iwo anamwa pang'onopang'ono mpaka kapu inauma.

"Mowa wanuwu ndi woipa," anatero. "Koma munthu womeza chowawa chake osaphethira, mbumba yanga angaisunge. Mutengeni."

Rozita analira ndi chimwemwe. Ine funso langa ndi limodzi, ndipo mundithandize: ngati mowawo ndi woipadi, botolo lotsala lija amalume analibisiranji kuseri kwa mpando?