Tsiku Limene Mayi Sophie Anakumana ndi Malemu Amuna Awo

Aliyense amene anagulapo ndiwo zamasamba ku Chikanga, mumzinda wa Mutare, amawadziwa Mayi Sophie Kachingwe. Ndi aja aafupi, oderako, amene amakhala pafupi ndi pokwerera makombi, tomato ali milumilu patebulo, repu atamangidwa bwino m'timitolo. Ndi ogula amayankhula Chishona chosalala, koma akakwiya kapena akamapemphera, chimene chimatuluka ndi Chinyanja cha makolo awo.

Anabadwira pa famu ya fodya ku Odzi, m'komboni ya antchito. Bambo awo anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo sanapondekonso. A Sophie anakula akusankha fodya m'shedi, ndipo n'komweko kumene anadziwana ndi Winston, woyendetsa thirakitala, mwamuna wamtali woseka ndi thupi lonse. Dzanja lake lamanzere linalibe chala chaching'ono, chinadulidwa ndi lamba wa chigayo ali mwana. Anakwatirana, nabereka mwana mmodzi wamkazi, Ratidzo.

Minda itayamba kugawidwa, mwini famu anapakira nachoka, ndipo anthu a m'komboni anauzidwa kuti aliyense apite kwawo. Kwawo kuti? A Sophie dziko la Malawi ankangolimva m'nkhani za bambo awo. Anasenza mphasa ndi mapoto nadzapeza kachipinda ku Chikanga. Winston anayesa zonse, kunyamula katundu pamsika wa Sakubva, kusoka nsapato, kukumba zitsime, koma palibe chimene chinagwira. Chaka chovuta chija cha 2008, m'mashopu mulibe ngakhale mchere, anamva mbiri ya dayamondi wa ku Chiadzwa ndipo anatsatira anzake.

Anzakewo anabwerera mmodzimmodzi, owonda, osafuna kukamba zambiri. Womaliza ndiye anati anamuona Winston atagwa pamene anthu okumba ankathawa asilikali, ndipo sanamuonenso akudzuka. Mtembo sunapezeke. Mpingo unasonkhana, maliro analiridwa, a Sophie anametedwa navala zakuda chaka chonse. Amuna awiri anadzawafunsira pambuyo pake, onse anawakana. Mwana anamulera ndi tomato yemweyo mpaka anakula nakwatiwa.

Chaka chatha, amayi a Mvano a mpingo wawo anagwirizana zokapempherera pa phiri lina ku Vumba. Maganizowo anabwera ndi Mayi Joice, mtsogoleri wawo, amenenso amagulitsa mazira pafupi ndi tebulo la a Sophie.

"Ine mawondo angawa akandisiya panjira," anatero a Sophie.

"Si kutali, anzanga. Tikwera m'mawa, masana tili kunyumba. Mukatopa tikakukokani ndi chitenje."

Ananyamuka Loweruka m'mawa. Kombi inawazunguza m'misewu yokhotakhota mpaka inawatsitsa pamene panayambira kanjira ka miyendo. Poyamba anadutsa m'udzu wa mame, amayi akuyimba ndi kuseka. Kenaka kanjira kanalowa m'nkhalango, ndipo nyimbo inatha yokha. Mitengo yake inali yaitali moti thambo silinkaoneka, makungwa atakutidwa ndi ndere yobiriwira, madzi akudontha m'masamba ngakhale kunalibe mvula. Pansi panali poterera ndi ponunkhira masamba oola. Apusi ankawasuzumira m'nthambi. A Sophie ankakwera akugwira mizu, kupuma pang'ono, kukweranso. Zaka zonsezi mapiriwa ankangowaonera patali ali pamsika, osadziwa kuti mkati mwake mumazizira chonchi. Anadzipeza akukondwa.

Atayandikira pamwamba anamva kuyimba kwa anthu ena. Nkhungu inali itatsika, ndipo pakati pa mitengo, pathanthwe lalikulu, panakhala gulu la mapositori ovala zoyera, opanda nsapato, akazi mbali ina, amuna mbali ina. Kutsogolo kwawo kunaima bambo wamtali wometa mpala, wa ndevu za imvi, ndodo ili m'manja. Ataona amayi achilendo anawayandikira nawauza m'Chishona, mwaulemu, kuti alambalale cha kumunsi chifukwa pathanthwepo saponda ndi nsapato. Polozera njira anakweza dzanja lamanzere.

A Sophie anaona zala zinayi.

Mawu aja anali atawagunda kale m'chifuwa asanaone dzanjalo, koma anadziuza kuti anthu amafanana. Tsopano anangoima chilili. Botolo la madzi linawapulumuka n'kugubudukira m'zitsamba. Amayi ena anapitirira, koma Mayi Joice anacheuka.

"Mwatani, anzanga? Ndi mawondo aja?"

Maso a Mayi Sophie anali pa bamboyo, ndipo iyenso tsopano ankawayang'ana.

"Bambo a Ratidzo," anatero a Sophie. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana.

"Handikuzivei, amai," anayankha bamboyo m'Chishona, kukana kuti sakuwadziwa. "Ine ndine Madzibaba Tobiasi."

"Chala chanu chili kuti, a Tobiasi?"

Bamboyo anabisa dzanja m'mkanjo. Anayang'ana kwa anthu ake, amene anali atasiya kuyimba, kenaka anatsika pathanthwe napita kuseri kwa mtengo waukulu. A Sophie anamutsatira osadziwa kuti akuyenda bwanji, Mayi Joice atawagwira mkono. Kuseriko bamboyo anakhala pamuzu, ndipo atatsegula pakamwa munatuluka Chinyanja cha ku Odzi chija.

"Mayi a Ratidzo, mwakalamba."

Mayi Joice anagwira pakamwa. A Sophie anakhala pansi ponyowa pomwepo, yunifolomu yoyera ya Mvano ili m'matope. Sanalire. Ankangoyang'ana mapazi a munthuyo, zikhadabo zomwe zija, chipsera chomwe chija pakakolo.

"Tinakulirani," anatero. "Ndinametedwa chifukwa cha inu."

"Ndinamva."

"Munamva?"

Winston anafotokoza maso ali pansi. Tsiku lothawa lija anavulala mwendo nagona m'tchire mpaka anamutola mapositori, amene anamusunga miyezi yambiri akudwala. Atachira analibe kalikonse, ngakhale nsapato. Ankati adikire apeze kanthu kobwera nako kunyumba. Kenaka anakumana ndi munthu wa ku Chikanga amene atamuona anathawa poyesa ndi mzukwa, ndipo ndi pamene anadziwa kuti maliro ake anachitika kale.

"Ndinaona ngati mwapumula," anatero. "Munthu wakufa savutitsa."

"Ndiye mumakhala kuti? Ku Mozambiki?"

"Ku Dangamvura."

Dangamvura, kuseri kwa kaphiri chabe. Makombi a ku Dangamvura a Sophie amawaona tsiku lililonse akamapita kokapikula tomato. Zaka zonse zimene ankadzuka kusanache, zimene Ratidzo ankafunsa kuti manda a bambo ake ali kuti, munthuyu ankamwa madzi a mumzinda womwewo.

"Muli ndi banja?"

Winston analoza ndi chibwano kwa mayi wina wachitsikana amene anali ataima patali, mwana ali kumbuyo, wina atamugwira mkanjo.

"Ratidzo anakwatiwa," anatero a Sophie. "Ali ndi mwana wamwamuna. Tinamutcha Winston, kuti dzina la malemu lisafe."

Bamboyo anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. A Sophie anamuyang'ana akulira, koma mumtima mwawo munali zii, ngati akuonerera za munthu wina. Anadzuka, nasasa chitenje.

"Tiyeni, Mayi Joice."

"Kumwamba kapena kumunsi?"

"Kumwamba. Tinabwera kudzapemphera."

Pansonga penipeni panali pafupi. Nkhungu inali itayamba kung'ambika, ndipo kupyola nthambi ankaona zigwa za ku Mozambiki mbali ina, madenga a Mutare akunyezimira mbali inayo. Amayi anagwada. Itafika nthawi ya a Sophie yoti apemphere, anatsegula pakamwa koma sipanatuluke mawu, mpaka Mayi Joice anayambitsa nyimbo kuti awabise. Potsika anadutsa pathanthwe paja, panalibenso munthu. Njira yonse a Sophie sakuikumbuka. Amangodziwa kuti anagwa kawiri osamva kupweteka, ndipo m'kombi anakhala atafumbata tsamba limene sakudziwa kuti analithyola pati.

Lamulungu sanapite kutchalitchi. Lolemba anayala tomato monga mwa masiku onse, koma ankangoyang'ana munthu aliyense wovala zoyera wodutsa pamsewu. Mkati mwa sabata anapita kwa Ratidzo nakamuuza ali chiimire pakhomo. Ratidzo poyamba anaseka, poganiza kuti amayi ake ayamba kusokonezeka. Ataona kuti sakuseka, analowa m'nyumba nakhoma chitseko, ndipo a Sophie anakhala pakhonde ndi mdzukulu wawo mpaka dzuwa linapendeka.

Nkhani inawanda pamsika. Ena ankati akamusumire, ena ankati amulandire chifukwa ukwati wa m'tchalitchi sutha. Abusa anabwera kudzafunsa chimene iwo akufuna.

"Abusa, sindikudziwa ngakhale chimene ndili," anayankha. "Wamasiye sindine, wapabanja sindine."

Patapita milungu ingapo Winston anafika yekha ku Chikanga, atavala malaya wamba. A Sophie anamutulutsira mpando panja, pansi pa mtengo wa mapeyala, namupatsa tiyi monga amachitira ndi mlendo aliyense. Winston anapempha kuti aonane ndi Ratidzo. A Sophie anamuimbira foni mwanayo pomwepo, ndipo yankho linali lakuti sanakonzeke, mwina chaka china. Winston anagwedeza mutu, namaliza tiyi wake. Anafunsa ngati angamabwere nthawi zina.

"Pakhomo pano sitithamangitsa munthu," anatero a Sophie. "Koma muzigogoda."

Anamuperekeza mpaka pageti. Anamuyang'ana akutsetsereka ndi msewu, akutsimphina pang'ono mwendo wovulala uja, mpaka anakwera kombi ya m'tauni. Winston amabwera mwa apo ndi apo, amakhala panja, amafunsa za mdzukulu. Ratidzo mpaka lero sanakumane naye, koma mwezi watha anawafunsa amayi ake ngati bambowo ali ndi imvi zambiri.