Mlonda wa Katungwe

Salimu wa ku gombe la Salima anabadwa ndi nkhope yokaniza. Masiku a chipani chimodzi ankaima pa chipata cha msika kufunsa makadi, ndipo amayi ambiri anabwerera ndi usipa wawo pamutu chifukwa cha iyeyo. Matipate itabwera anthu sanamumenye. Anangoleka kumuyankha moni, ndipo panalibe mwini bwato wofuna kumutenga popita kukapha nsomba ku chilumba cha Mbenji. M'mudzi monse munthu womuthamangira akamuona anali mmodzi: mwana wake Patuma, kamtsikana kosayamba ndi sukulu komwe. Salimu ankakakonda koopsa, ngakhale pakamwa pake sipankatuluka zotero.

Kenaka bwana wina wa ku Lilongwe anagula mchenga umene ana ankasewerapo chibadwire, pamene madzi ake amalekeza m'mawondo. Anamangapo loji, nazunguliza waya mpaka m'madzi. M'katimo anaika akatungwe opaka utoto, chotsetserekapo, ndi kadziwe ka simenti kokhala ndi mpopi wopemerera madzi, kuti ana a alendo azisambira m'beseni nyanja yonse ili pomwepo. Atafunsa za munthu wodziwa kukaniza anzake, mudzi wonse unatchula dzina limodzi.

Ntchito ya ulondayo Salimu anaigwira ndi mtima wonse, mwina mopitirira. Ana ankakanirira pa waya ngati nkhuku zoona madeya, iye n'kumawabalalitsa ndi kamtengo ka bulugamu. Makolo ankamutukwana poyera, poti tsopano kunali ufulu wolankhula. Mkazi wake Asiyatu anamuchenjeza kuti mwana wawo nayenso ali ndi maso ndi miyendo, koma Salimu anati wake ndi womvera, sangayerekeze.

Loweruka lina masana, alendo atadzaza, ana anakumba pansi pa waya n'kulowa. Salimu anawapeza akusinthana pa katungwe, ndipo amene anali m'mwamba, akuseka mano onse pamtunda, anali Patuma. Anzake anamwazika. Iye sanathawe, athawirenji bambo ake?

"Baba, ndikankheni," anatero.

Bwana uja anali pakhonde ndi botolo m'manja, akuyang'ana. Kuseri kwa waya kunali amayi otsuka mbale, nawonso akuyang'ana kuti aone ngati kamtengo kaja kamasankha ana. Salimu anaona kuti akamulekerera, ntchito yatha ndipo mudzi umudya wamoyo. Anamutsitsa mwanayo pomukoka dzanja, namukwapula m'miyendo kuposa mmene ankakwapulira ana a eni, mpaka kukamutulutsa pa chipata.

Bwana anakhutira. Amayi aja anangoti munthuyu ndi chilombo, sasiya ndi wake yemwe. Asiyatu sanakangane naye. Anapaka mwana mafuta m'mikwingwirima, nasiya kumudikira mwamuna wake pa chakudya. Salimu anagula masiwiti, Patuma n'kukawalandira kudzera kwa mayi ake. Bamboyo anamangirira chingwe pa mtengo wa mango pakhomo, katungwe weniweni wa thabwa losalala, koma chingwecho chinangokhala chopachikapo zovala.

Ana sanaleke kukumba pansi pa waya. Anangophunzira kuika wowayang'anira njira. Tsiku lina Salimu akuzungulira kuseri kwa khitchini anamva kamawu kamene akanakazindikira ngakhale pakati pa msika, kakukuwa ndi mphamvu zonse:

"Thawani, Salimu akubwera!"

Patuma ndiye anali patsogolo pothawa, ndipo sanacheuke.