Wapolisi amene anakhala pansi pakhomo panga

Nthawi ya Chitaganya ndinkatcheza kachasu ku Nancholi, ndipo sindichita nazo manyazi. Amuna anga anali atapita ku Halale kukagwira ntchito m'minda ya fodya, kundisiya ndi khanda kumsana. Mukuti ndikanadya chiyani? Koma kachasu anali woletsedwa. Apolisi akakupeza ankaswa mbiya, iwe n'kukusenzetsa mabotolo mpaka kupolisi, anthu akukuonerera. Nkhawa yanga inali imodzi: ndikamangidwa, mwanayu ayamwa kwa yani?

Tsiku lina dzuwa litakwera, kachasu akudontha kuseri kwa nyumba, ndinangoona wapolisi akutsika njinga, kabudula wa khaki ali gwa. Abambo awiri amene ankamwa pakhonde, andevu zawo, olumbira tsiku ndi tsiku kuti saopa munthu, analowa m'chimanga osatsanzika.

Fungo linali ponseponse, ngakhale wachimfine akanalimva.

Wapolisiyo anatchula dzina la amuna anga, ine n'kuvomera kuti ndi pakhomo pawo. Kenaka anafunsa kuti, "Amayi, pafupi pano pali akuluakulu?"

Mumtima ndinati basi, akufuna mboni. Ndinakaitana oyandikana nawo, bambo wina wachikulire wachisilamu amene ankayendetsa lole ku Limbe, pamodzi ndi akazi awo. Bambowo ankadana nayo ntchito yanga, moni ankandipatsira patali.

Atafika, wapolisi uja anavula chipewa, nakana mpando, n'kukhala pansi pafumbi. Zimenezi ndinali ndisanazionepo. Sanayang'ane ine. Analankhula ndi bambo aja, pang'onopang'ono.

"Bambo, kupolisi kwafika uthenga wochokera ku Halale. Eni ake a pakhomo pano anadwala. Anadwala kwambiri ndithu." Anadikira mpaka mayi aja atandilandira mwana n'kundigwira paphewa. "Anatisiya, ndipo anawaika komweko."

Akanatha kungondipatsa pepala ali chiimire n'kubwerera, palibe akanamudzudzula. Koma iye ankadziwa kuti uthenga wa maliro sauza munthu ali yekha. Anakhalabe mpaka amayi a mpingo wathu atasonkhana. Anafunsa kumene kunkakhala amalume a amuna anga, ndipo atamva kuti ndi ku Chirimba, anati apalasa yekha kukawauza.

Ponyamuka anayandikira mayi aja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, kuseriko kuli moto. Wina akauzimitse, anthu akubwera." Za kachasu sananenepo china.

Apolisi a nthawi imeneyo ndinawatukwanapo ambiri, ena moyenera. Uyu yekha ndimamuyamika mpaka lero, ngakhale sindinamuonenso. Koma tsiku limenelo, ndili gone pafumbi, ndinkalakalaka akanangobwera kudzandimanga.