Bedi la Mwandida Silinkazizira

Ku Chaneng, pafupi ndi tauni ya Rustenburg ku Joni, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chitswana, kunali mzere wa tizipinda ta lendi, ndipo kakumapeto kwenikweni kanali ka Mwandida, namwino wochokera ku Ntcheu. Amalawi a kumeneko amamutama mpaka lero kuti ndi mkazi wolimba, anatenga digiri yachiwiri ya unamwino ndi thukuta lake. Amanena zoona, kungoti thukutalo silinali lake yekha, ndipo mwiniwake akamva mayamikowo malovu amamuwawa m'kamwa.

Anafika ku Joni mu 2008 n'kupeza ntchito pa chipatala china m'tauni ya Rustenburg. Ntchito ankaidziwa, koma atsikana amene iye ankawaphunzitsa kubaya jakisoni ndi amene ankakwezedwa n'kumamulamula. Anapsa mtima, n'kukalembetsa sukulu ku Pretoria. Thandizo la fizi anamuuza kuti n'la eni dziko, mlendo alipire yekha, ndiponso alipiretu. Kumudzi nako ankangoti foni ngri ngri, poti iwo amayesa kuti ku Joni ndalama amachita kusesa pabwalo. Ambiri mwa masiku ake opuma anawagulitsa ku chipatala chinanso, otsalawo n'kumakhala m'kalasi. Komabe sizinkakwana, ndipo chaka cha mpira wa dziko lonse mwini nyumba anakweza lendi ngati kuti azungu abwera kudzagona ku Chaneng.

Nzeru anabwera nayo ndi Mayi Clara, mkazi wamasiye wa mtchona wina, amene ankagulitsa usipa wochokera kumudzi ndipo ankadziwa Mmalawi aliyense ndi mavuto ake omwe.

"Mwanawe, bedi lako limagwira ntchito yanji masana?" anafunsa Mayi Clara. "Iwe umachoka m'mamawa, umabwera kutada. Pali madala ena, a Absalom, amalowa mumgodi usiku. Akusowa pogona masana. Azikupatsa kangachepe, simuzionana n'komwe."

Mwandida anali munthu waukhondo woonjeza, woti kapu yake sankamwetsa ngakhale m'bale wake. Anachita nyansi atangomva. Koma fizi sinkafunsa za nyansi, ndiye anavomera.

Kuyambira pamenepo bedi lake silinazizirenso. Akafika madzulo, miyendo itatupa, ankapeza matiresi akadali ofunda, pakati pali dzenje la msana wa munthu wina. M'chipinda munkanunkha majombo, fodya wa pamphuno ndi mankhwala opaka pachifuwa. Ankasintha nsalu, n'kutola imvi papilo ndi nsonga za zala, koma fungo linali litakhazikika ngati nalonso likulipira lendi. Ankawerenga mabuku ake atakhala pa ndowa yovundikira, kuzengereza kugona. Chimene chinkamunyansa kwambiri n'chakuti madalawo anali munthu wabwino. Ankasesa, ankayala bedi mwaulemu, nthawi zina n'kusiya lalanje patebulo. Akanakhala wauve bwenzi akumuda ndi mtima umodzi.

Chaka chotsatira, m'nyengo yozizira, anaona kuti pilo akumamupeza wotembenuzidwa. Tsiku lina anamutembenuza n'kupeza timadontho tofiirira, topukutidwa mofulumira ndi madzi. Sanafunikire womuuza. Kafukufuku wake wa kusukulu anali wa chifuwa chachikulu pakati pa anthu a m'migodi, makamaka chifukwa chimene amachedwera kukayezetsa. Anali atalemba masamba ambirimbiri m'Chingerezi chosalala, osadziwa kuti yankho likugona pabedi lake lomwe.

M'mawa mwake anachedwa dala kuti akumane nawo. A Absalom anatulukira pangodya, wamtali, wowerama, jekete likulendewera m'mapewa. Atamuona anavula chipewa.

"Asisita, lero mwachayisa, simukupita kuntchito?"

"Ayi bambo, ndimadikira inuyo. Mwayamba liti kutsokomola magazi?"

Madalawo anayang'ana majombo awo. "Ndi fumbi chabe limeneli."

"Si fumbi. Tiyeni kuchipatala lero lomwe. TB imachizika, mankhwala ake ndi aulere."

"Ndikudziwa, ndinamwapo kale," anatero a Absalom. "Koma ine sindine wa kampani, ndine wa kontilakita. Baasi, bwana wathuyo, akangomva kuti madala akukhosomola, kontilaki ikatha salembanso. Pa msinkhu wangawu adzandifuna ndani? Ku Thyolo nyumba yafika pamwamba, yangotsala malata. Ndisiyeni ndisebenze, ndigwire ntchito mpaka Disembala."

"Nanga anzanu amene mumatsika nawo m'chikepe? Nanga ine?"

"Pepani, pilo ndigula wanga." Kenaka ananena mofatsa, mopanda chipongwe chilichonse: "Ndikasiya ntchito, asisita, bedi ndilipira ndi chiyani? Inu mukufuna digiri, ine ndikufuna malata. Tithandizane."

Mawu amenewo anamulasa chifukwa anali oona. Fizi ya chigawo chimenecho inali pafupi, ndipo popanda ndalama ya madalawo akanamuchotsa m'kaundula, zaka zonse zija n'kupita m'madzi. Akanatha kuwakoka dzanja mpaka kuchipatala. Akanatha kupeza wina wogona pabedipo, koma izo zikanatenga nthawi, ndipo yunivesite sidikira. Anayang'ana wotchi, nati takisi imusiya.

Zimene anachita pambuyo pake ndi zimene zimamuchititsa manyazi koposa. Maphunziro onse aja anawagwiritsa ntchito, inde, koma podziteteza yekha. Anakuta matiresi ndi pulasitiki. Anakhomera zenera kuti lisamatsekeke, madala azigona mumphepo ya Julaye. Akafika ankatsegula chitseko n'kuyamba waima panja, kenaka kulowa atavala chophimba kumphuno cha kuntchito, n'kupukuta paliponse ndi jiki. Iye mwini anakayezetsa mwakachetechete. Malalanje aja ankawataya m'bini. Kamodzi anawasiyira botolo la mankhwala a chifuwa wamba patebulo, akudziwa bwino lomwe kuti ndi madzi a shuga chabe. Fizi analipira pa nthawi yake, ndipo aphunzitsi ake anayamikira mutu umene analemba wonena za udindo wa namwino pofufuza odwala msanga.

Disembala sanafike. Madzulo ena a mwezi wa Okutobala anapeza majombo akadali pakhomo. A Absalom anali pabedi, maso ali gwa kudenga, akupuma ngati munthu wokwera phiri. Anayesa kudzuka kuti amupatse malo, n'kupepesa kuti agonereza. Ulendo uno Mwandida anawatengera kuchipatala, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Anamwalira sabata isanathe.

Amalawi anasonkhana pabwalo la Mayi Clara kusonkha zotumizira thupi ku Thyolo. Anaimba nyimbo, abusa analalikira, kenaka mkulu wina anaimirira n'kuloza Mwandida.

"Mwana uyu atiphunzitse," anatero mkuluyo. "Anasunga bambo athu m'nyumba mwake, pabedi pake penipeni, mpaka kuwanyamula yekha kupita nawo kuchipatala. Namwino weniweni ndi ameneyu."

Anthu anaomba m'manja, amayi ena n'kululutira pang'ono ngakhale panali pamaliro. Mwandida anadzuka pamene anakhala. Anazemba kupita kuseri kwa nyumba, n'kusanza pafupi ndi mulu wa makatoni a usipa. Ankanyansidwa ndi kontilakita wosadziwa ngakhale dzina la munthu wake, ndi yunivesite, ndi manja oombawo, koma makamaka ndi iye mwini, mkazi amene ankapukuta pakamwa ndi mpango woyera bwino.

Mayi Clara anamupeza komweko, atanyamula kapu ya madzi.

"Walira mokwana, mwanawe, usadzipweteke," anatero, akumusisita pamsana. Kenaka anatsitsa mawu. "Sukulu yatsala pang'ono, eti? Pali bambo wina wa ku Mangochi, Sadiki, naye ndi wa shifiti ya usiku. Munthu waulemu, samwa mowa. Amangokhosomola pang'ono, koma mumgodi ndani sakhosomola?"

Mwandida anachukucha m'kamwa n'kulavula. Kunali kutatsala chigawo chimodzi, chomaliza, ndipo fizi yake inali isanapezeke. Anayang'ana kapu ija, kapu ya eni ake imene anali atamwera osaganiza n'komwe.

"Muwauze abwere Lolemba," anatero. "Abwere ndi pilo wawo."