Mphindi Zisanu za Nthawi ya Tiyi

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene madzi anakokolola mpunga wathu kachiwiri. Kwathu ndi kwa Makhuwira. Bambo, amene anadula nzimbe ku Nchalo mpaka msana kukana, sanandiletse. Anangoti, "Pita mwanawe, koma foni uziyankha."

Ntchito ndinaipeza panyumba yosamalira okalamba. Poyamba ndinali mbuli. Agogo ena ndinawatsamwitsa ndi phala, ndipo ndinatsala pang'ono kuchotsedwa. Chinandipulumutsa ndi timaphunziro ta pafoni. Tsiku lililonse nthawi ya tiyi abwana ankatitumizira kavidiyo ka mphindi zisanu ndi mafunso atatu: lero katembenuzidwe ka wodwala, mawa kadyetsedwe, mkuja zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi. Ukaonera m'mawa, masana ukuchita. Chaka chisanathe anandikweza malipiro, n'kumandipatsa antchito atsopano kuti ndiziwaongolera. Ndikaweruka ndinalibe wocheza naye, ndiye ndinkangobwereza timavidiyoto.

Kumudzi ndinkatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, n'kumadziona ngati mwana wabwino. Tsiku lina Bambo anandijambulira mawu pafoni ya achemwali anga a Joana. Lilime linali lolemera, mawu akukokeka. Ndinamvera pang'ono n'kuzimitsa. Mumtima ndinati, ine ndikusambitsa makolo a eni kuno, iwo ndalama akumwera kachasu. Sindinayankhe.

Sabata yapitayo n'kuti titaphunzira zizindikiro za sitiroko: kamwa kupindika, dzanja kufooka, mawu kukokeka. Mafunso onse atatu ndinakhoza. Koma ndinkaziyang'ana pa agogo a kuntchito okha.

Patapita masiku awiri Bambo anagwa kudimba. M'pamene ndinamvera uthenga uja mpaka kumapeto. Ankati, "Dzanjali lachita dzanzi. Iwe wa zachipatala, tandiuza ndichite chiyani."

Tchuthi chinapezeka patatha miyezi isanu ndi itatu. Ndinawapeza pamphasa pakhonde, mbali yakumanja itafa. Paphewa ndi pachidendene panali zilonda zonyeka, ntchentche zikungozungulira.

"Mumawatembenuza kangati patsiku?" ndinafunsa a Joana.

"Akadandaula. Bwanji, pali kachitidwe kake?"

Kavidiyo ka zimenezo kanali m'foni mwanga, m'chikwama chomwe ndinakoleka paphewa. Ndinali nditatumiza ndalama za sopo, za mankhwala, za mayendedwe opita kuchipatala, koma kavidiyoko ayi. Sizinandibwerere n'komwe m'mutu.

Ndinakayatsa, n'kumamasulira. A Joana anaonera kamodzi kokha, kenako anapinda bondo la Bambo, kugwira phewa ndi chiuno, n'kuwatembenuza bwino kuposa mmene ine ndinkachitira nditatha miyezi itatu pantchito. Bambo sanabuule.

"Amake Nsayi kuseriku agona chaka chachiwiri," anatero a Joana. "Umuonetsenso mwana wawoyo."

Pofika Loweruka pakhonde panali azimayi anayi, aliyense ali ndi wodwala wake kunyumba. Ndinakulira pakati pawo, koma sindinkadziwa kuti mudzi wathu uli ndi ogona ochuluka chonchi, ndipo owasamalira akungoyesa m'mene angathere. Ankayeserera potembenuzana okhaokha pamphasa, akuseka.

Pochoka, Nsayi anandigwira dzanja mothokoza. "Takhuta, achemwali. Zimenezi kumeneko munaphunzira miyezi ingati?"

"Mphindi zisanu," ndinayankha.

A Joana sananditembenukire. Anapitiriza kutsuka chilonda cha Bambo ndi madzi amchere.